Kamera ya Diso Lakutali: Zoti Tidziwe Tisanatulutse Ndalama

Masiku ano sichachilendo kumva mwana kapena mlamu amene ali ku Johannesburg kapena ku Durban akufunsa kuti, "Pobwera ndikutengereni chiyani?" Kale yankho linali wailesi, njinga kapena bulangete. Lero ambiri amati foni, koma alipo ena, makamaka achinyamata ndi aphunzitsi anzathu, amene mtima wawo uli pa kamera, ndipo imene amaitchula kawirikawiri ndi ija yotulutsa khosi ngati kamba, imene amati imaona munthu wa kutsidya la mtsinje ngati ali pakhonde pomwepa. Popeza ife takhala tikugwira makamera otere pa zochitika za pa madrasa ndi pa maulendo a ana, ena amatifunsa kuti yabwino ndi iti, ndipo funso lawo limabwera litanyamula kale yankho: "Amwalimu, pakati pa ya 60 ndi ya 125, yabwino si ya 125 kodi?" Ife timati ayi, osati nthawi zonse, ndipo kwa banja lokhala m'mbali mwa nyanja muno kawirikawiri si imeneyo.

Opanga amaitcha kamera imeneyi bridge, kutanthauza mlatho, chifukwa imaima pakati pa kakamera ka m'thumba ndi kamera yaikulu ya akatswiri ija yosinthasintha malenzi. Maonekedwe ake ndi a kamera yaikulu, ili ndi pogwirira pabwino ndi kazenera koikapo diso, koma lenzi yake ndi imodzi ndipo siguluka. Lenzi imodziyo ndiyo imagwira ntchito zonse. Ikabwerera m'kati imatenga khamu lonse la paukwati, ikatuluka imakoka chinthu chakutali, ndipo kukokako ndiko amati zoom. Katswiri wofuna kufika pomwe kamera imeneyi imafika amayenera kusenza chikwama cha malenzi, ena a iwo mtengo wake wotha kugula galimoto yakale.

Wina angafunse kuti kodi foni siyokwanira? Pa zambiri ndi yokwaniradi. Koma foni ili ndi malire ake, ndipo aliyense amene anayesapo kujambula mwana wake akuwerenga kutsogolo kwa khamu, iye atakhala kumbuyo kwenikweni kwa tenti, malirewo amawadziwa. Mafoni ambiri amene tili nawo akamati akukoka chinthu sakoka ayi, amangodula kachigawo ka chithunzi n'kukafutukula, ndiye nkhope ya mwana imatuluka ngati yopakidwa phala. Chimodzimodzi ku Liwonde. Kuyambira 2017 kunabwezeretsedwa akakwiyo othamanga aja otchedwa cheetah, mu 2018 kunabwera mikango, ndipo mlendo saloledwa kutsika m'galimoto kuti aiyandikire. Njovu imene ikumwa madzi kutsidya la Shire, nkhwazi imene yatera pamwamba pa mtengo ku chilumba cha Thumbi, Ilala ikutulukira patali, zonsezi pa foni ndi timadontho chabe. Apa mpamene kamera ya mlatho imaonetsa ntchito yake.

Tsono tiyeni tione nambala ija imene imakopa anthu. Kutalika kwa lenzi amakuyeza m'mamilimita, ndipo nambala ya zoom imangonena kuti mapeto a lenzi ndi aakulu kangati poyerekeza ndi chiyambi chake. Panasonic Lumix FZ80 ya mu 2017, imene ku Britain imatchedwa FZ82, imayambira pa 20 n'kukafika pa 1200, ndiye amati 60. Canon PowerShot SX70 HS ya mu 2018 imayambira pa 21 kukafika pa 1365, amati 65. Nikon Coolpix P900 ya mu 2015 ndi mng'ono wake P950 wa mu 2020 zimayambira pa 24 kukafika pa 2000, ndiyo 83. Pamwamba pa zonse pali Nikon P1000 ya mu 2018 ndi P1100 ya mu 2025, zofika pa 3000, ndizo za 125 zija. Choncho poyerekeza makamera, yang'anani mamilimita awiriwo osati nambala ya pabokosi. Ndipo musaiwale nambala yaing'onoyo, ya poyambira, chifukwa ndi imene imakuthandizani kuti banja lonse likwane m'chithunzi mukakhala m'chipinda chochezera chopanikizika pa tsiku la Eid. Zithunzi zambiri za pabanja zimajambulidwa munthu ataima pasanathe mapazi khumi.

Palinso makamera otchipa kwambiri a mayina osadziwika, olembedwa manambala oopsa a digital zoom. Amenewo akuchita zomwe foni imachita, kudula ndi kufutukula. Mawu ofunika kuwapeza pabokosi ndi optical zoom. Ena onsewo ndi chikomekome cha nkhuyu.

Chimene bokosi silinena mokweza ndi nkhani ya kuwala, ndipo ife tikuona kuti apa mpamene pagona nkhani yonse. M'kati mwa kamera iliyonse muli kachidutswa kolandira kuwala kotchedwa sensa, m'malo mwa filimu ija tinkapita nayo kukatsukitsa. Kuti lenzi yofika pa 2000 ikwane m'manja mwa munthu, opanga amaika sensa yaing'ono zedi, ya mamilimita pafupifupi 6 m'litali ndi 4.5 m'lifupi, yosafika ngakhale chikhadabo cha chala chakaniche. Makamera onse tatchula pamwambapa sensa yake ndi imeneyi. Sensa yaing'ono ili ngati mbale yaing'ono yotchera madzi a mvula. Kukagwa chimvula imadzaza bwinobwino, koma kukangowaza mumapezamo timadontho. Masana dzuwa likuswa mtengo zithunzi zake zimakongola. Kukangoyamba chisisira, kapena mukalowa m'nyumba ya babu limodzi, kamera imasowa chochita. Mwina imachedwa kuphethira kuti itole kuwala kokwanira, ndiye aliyense amene wasuntha amatuluka wofufutika, kapena imadzikakamiza ndipo chithunzi chimadzaza timadontho ngati mwachiwaza mchenga. Tinene mosabisa, foni yabwino ya masiku ano nthawi zambiri imajambula bwino usiku kuposa makamera a sensa yaing'onoyi.

Kuonjezera apo, lenzi ikamatuluka khomo lake lolowetsera kuwala limachepa. Khomoli limalembedwa ndi chilembo cha f, ndipo chodabwitsa nchakuti nambala ikamakula ndiye kuti khomo likuchepa. P1000 imayamba ndi f/2.8, koma pofika kumapeto imakhala pa f/8, kutanthauza kuti kuwala kolowa kwachepa kasanu n'katatu. P950 ndi SX70 HS zimathera pa f/6.5. Tsono taganizani nthawi imene nyama zimatuluka ku Liwonde, kapena imene asodzi amakocheza padooko ndi usipa wa usiku. Ndi m'bandakucha ndi madzulo, nthawi yeniyeni imene kuwala kuli kochepa. Munthu umakhala uli ndi lenzi yofika kutali koma yopanda kuwala koti ionere.

Nchifukwa chake pali gulu lina la makamera a mlatho amene sathamangira nambala yaikulu. Panasonic FZ1000 ya mu 2014, ndi FZ1000 II ya mu 2019, zimangofika pa 400, zoom ya 16 basi, koma sensa yake ndi ya mamilimita 13.2 ndi 8.8, kukula kwake kanayi kuposa yaing'ono ija. Sony RX10 IV ya mu 2017 ili ndi sensa yomweyo ndipo imafika pa 600, koma mtengo wake ndi woti munthu wa malipiro ngati athu angoyang'ana n'kupitirira. Ndiye pali Panasonic FZ300 ya mu 2015, ku Britain FZ330. Sensa yake ndi yaing'ono, imafika pa 600 yokha, koma khomo lake limakhalabe pa f/2.8 kuyambira poyamba mpaka kumapeto. Wogulitsa angakuuzeni kuti ndi yochepa mphamvu chifukwa ili ndi ma megapixel 12 okha pamene SX70 HS ili ndi 20. Musatekeseke nazo. Ma megapixel 12 ndi okwanira kusindikiza chithunzi chachikulu ngati tsamba lino, ndi kuposerapo, choti n'kuchiika m'chimango.

Tiyerekeze kuti kuwala kulipo kokwanira. Pakati pa inu ndi chinthu chakutalicho palinso mpweya, ndipo mpweya wa kunyanja sukhala phee. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala umanjenjemera pamwamba pa mchenga ndi pamadzi monga umachitira pamwamba pa msewu wa phula masana, ndipo utsi wa moto wa m'tchire umabisa ngakhale mapiri amene timawaona bwino mvula ikangogwa. Lenzi ikakoka bwato lili kutali imakokanso kunjenjemera konseko, ndipo palibe kamera ya mtengo uliwonse imene ingakuchotse. Komanso kugwedera kwa dzanja kumakula limodzi ndi chithunzi. Pa 2000, kupuma kwanu komwe kumachotsa mbalame m'kazenera, mukayesa kuifunafuna mumangoona masamba. Makamerawa ali nacho chochepetsa kugwedera ndipo chimathandizadi, koma chinapangidwira dzanja lonjenjemera, osati boti lolimbana ndi mwera mu Julayi. M'boti, kupitirira 600 ndi kungotaya nthawi. Pamtunda muyenera kutsamira mtengo, kuika chigongono pa zenera la galimoto injini itazimitsidwa, kapena kugula choikapo cha miyendo itatu, amene ndi katundu winanso woti musenze. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wodekha amene wayandikira pang'onopang'ono ndi lenzi ya 600 amabwerako ndi nkhwazi yooneka nthenga iliyonse, kuposa mnzake waima kutali ndi ya 3000.

Za kulemera tisachulutse. P1000 imalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, kuposa paketi ya shuga, ndipo imakhala pakhosi tsiku lonse. P950 ndi kilogalamu imodzi, FZ1000 magalamu opitirira pang'ono 800, FZ300 pafupifupi 700, pamene FZ80 ndi SX70 HS zili cha m'ma 600. Kamera yolemera imanyamulidwa mwezi woyamba, kenako imagona m'sutikesi. M'minibasi ya ku Makanjira, kapena pokwera Ilala pa malo amene muyenera kuyamba mwalowa m'boti laling'ono madzi ali m'mawondo, mudzayamika yopepuka. Kwa amene Allah wawapatsa mwayi wa Hajj kapena Umrah, uphungu wathu ndi wakuti chikamera chachikulu chisiyeni kunyumba kapena kuhotela. Ku Mina ndi ku Arafat kuli kuyenda kwambiri m'khamu ndi m'dzuwa, ndipo chimene mwapitira kumeneko sichifuna lenzi.

Adani a kamera kunyanja kuno ndi atatu, mchenga, madzi ndi chinyezi. Ubwino wa lenzi yosaguluka ndi wakuti simutsegula kamera pamphepo. Kuipa kwake nkwakuti khosi lija likamatuluka ndi kubwerera limapuma mpweya, ndipo kamchenga kamodzi kakalowa m'mano mwake kamera yonse yaima, pakuti simungachotse lenzi n'kuika ina. Okonza makamera otere ndi osowa, ndipo zipangizo zake ndi zoitanitsa kunja. Apa FZ300 ilinso ndi mwayi, popeza inamangidwa moti fumbi ndi madontho a madzi zisalowe msanga, ngakhale kuti si yomiza m'madzi. Chinyezi nacho chimameretsa nguwi m'kati mwa magalasi, timizere toyera ngati ukonde wa kangaude, ndipo ikakhazikika siichoka. Musaisunge kamera pansi pa zovala m'bokosi nyengo ya dzinja. Iikeni m'chigoba cha pulasitiki chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi touma tija timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano, ndipo muziitulutsa kawirikawiri iombedwe mpweya. Pa nkhani ya moto, funsani ngati batire lake limatchajidwa kudzera pa chingwe cha USB, kuti magetsi akazima muthe kugwiritsa ntchito sola kapena power bank. Makamera a Nikon tatchulawa amatero, FZ80 nayonso, ndipo FZ80D imene inatuluka mu 2024 ili ndi kabowo ka USB-C kofanana ndi ka mafoni ambiri atsopano.

Ndiye mukatifunsa kuti ife tingasankhe iti, tikuyankhani chonchi. Kwa banja lofuna kamera imodzi ya ukwati, ya Eid, ya ana akumaliza maphunziro ndi ya ulendo wa apo ndi apo, ife timaika patsogolo FZ300, ndipo ndalama zikalola, FZ1000 chifukwa cha sensa yake. Amene thumba lawo ndi lopepuka ndipo amajambula kwambiri masana, FZ80 iwakwanira. P950 tingaipereke kwa munthu amene mbalame zinamulowa m'magazi, wotha kukhala m'mabango ola lathunthu kudikira kuti nankapakapa atere. Za 125 zija ndi zodabwitsa, sitikana, koma ndi chida cha ntchito imodzi, ndipo wozigula kuti azijambulira ana pakhomo ali ngati wogula khoka la chilimila kuti akawedzere matemba m'khwawa.

Pali chinanso chimene sichilembedwa pabokosi lililonse, ndipo kwa ife ndi cholemera kuposa makilogalamu aja. Lenzi ikafika pa 2000, malo osakwana mamita awiri amadzaza chithunzi chonse kuchokera pa mtunda wa mamita 100. Ndiye kuti munthu amene waima kugolo la uko pa bwalo la mpira nkhope yake imazindikirika bwinobwino, iye osadziwa kalikonse. Tsono kumbukirani mmene midzi yathu ya kunyanja inakhalira. Makolo anasiyanitsa dooko la amuna ndi dooko la amayi, ndipo sanamange khoma pakati pake. Chotchinga chinali mtunda. Mayi akamasamba kapena kuchapa m'mamawa amadalira kuti diso la munthu silifika pamene iye ali, ndipo mipanda ya udzu ya kuseri kwa nyumba inamangidwa poyeza diso lomwelo. Kamera imeneyi imachotsa mtunda umenewo osapempha. Ndipo lero chithunzi sichikhala mu alubamu, chimachoka m'kamera kulowa m'foni, n'kuyenda pa WhatsApp kufika kwa mwamuna wake ku South Africa dzuwa lisanalowe. Mabanja akhoza kutha ndi chithunzi chimodzi.

Ana amene timawaphunzitsa amadziwa kuti ndime 12 ya Surat Al-Hujurat imaletsa kufufuza zobisika za anthu, ndi kuti Surat An-Nur imatilamula kudzichititsa maso athu ndi kupempha chilolezo tisanalowe m'nyumba za eni. Sitikuona chifukwa choti malamulo amenewa asiye kugwira ntchito diso likavala galasi. Za chithunzi pachokha ma Ulama anakambirana ndipo sagwirizana pa zonse, nkhani imeneyo tiisiye kwa mashehe athu. Koma pa zojambula munthu mobisa palibe kusiyana maganizo. Choncho posankha kamera muyeneranso kusankha woisunga. Bambo amagula, koma amene amakhala nayo masana ndi mnyamata wa zaka 15 ndi anzake. Ife pa maulendo a madrasa tili ndi lamulo losavuta kulikumbukira: zoom yaitali ndi ya nyama, mbalame, mapiri ndi mabwato, koma munthu timamujambula titayandikira, titapereka salamu ndipo iye atavomera. Msodzi amene wapemphedwa nthawi zambiri amakukwezerani chambo chake m'mwamba kuti chioneke bwino, ndipo chithunzi chake chimakoma kuposa chakuba. Mwana wa eni sitimuika pa intaneti makolo ake asanalole.

Kumene diso lakutalili lingayang'ane popanda kulakwira aliyense ndi kumwamba. Makamera a Nikon aja ali ndi njira yakeyake yojambulira mwezi, ndipo pa 3000 mwezi wathunthu umadzaza chithunzi, maenje ndi zigwa zake zonse poyera. Ngakhale pa 1200 ana amakhala kukamwa yasa akaona kuti m'mphepete mwa mwezi wa theka muli mapiri oponya mithunzi. Kujambula mwezi masiku angapo motsatana, kuyambira uli kachikhadabo mpaka utakhwima, ndi njira yabwino yophunzitsira mmene kalendala yathu imayendera. Koma amene akuganiza kuti kamera iwathandiza kuona mwezi watsopano wa Ramadhan kapena wa Shawwal asayembekezere zambiri. Mwezi wa tsiku loyamba ndi woonda, umakhala pansi pafupi ndi pamene dzuwa lalowera, m'kuwala kofiira kumene kamera imavutika kupeza chogwira, ndipo umalowa msanga. Musalozetse lenzi yotuluka ku dzuwa lisanalowe, lingaotche sensa. Kulengeza kwa mwezi kuli ndi eni ake amene anapatsidwa udindowo, ndipo chithunzi cha pa foni chosadziwika tsiku lake kapena dziko lake sichiyenera kugawanitsa mudzi.

Ambiri a ife tidzagula yogwiritsidwapo kale ntchito, popeza ena mwa makamerawa ndi a zaka khumi zapitazo ndipo atsopano sapezeka paliponse. Palibe cholakwika pamenepo, koma safunsa anadya phula. Muuzeni m'bale wanuyo kuti asalipire asanaiyatse. Atulutse lenzi mpaka kumapeto n'kuibweza kangapo, khutu lili pafupi, amve ngati mukulira mchenga kapena ngati ikukakamira penapake. Aunike m'galasi ndi tochi ya foni kuti aone nguwi kapena zokalika. Ajambule khoma loyera kapena thambo lenzi itatuluka, ndipo akaona kadontho kakuda kobwerabwera pamalo amodzi pa zithunzi zonse, ndiye kuti fumbi linafika pa sensa, imeneyo aisiye, chifukwa kuitsuka n'kofunika kumasula kamera yonse. Aone ngati kazenera koikapo diso kakuyaka, pakuti padzuwa la kunyanja sikirini yakumbuyo sioneka ndipo mudzadalira kameneko. Atenge chotchajira chake chenicheni, memore khadi ya dzina lodziwika, ndi batire lachiwiri, chifukwa kutulutsa ndi kubweza lenzi kumadya moto ndipo batire limodzi silingakwanire ulendo wa tsiku lonse. Risiti asunge, ingafunike pachipata. Akabwera pa ndege, mabatire opatula aike m'chikwama cha m'manja osati m'katundu wopita pansi, ndipo akabwera pa basi kamerayo ikhale pamiyendo pake, osati m'ngolo pansi pa mafiriji.